Za Umoyo M'banja: Chiwindi Chikauma, Samalani Matumbo

Mwezi uno tikambirana za nthenda imene yalowa m'mabanja ambiri, ngakhale dzina lake silidziwika bwino pakati pathu. Timangoona zizindikiro zake. Munthu wamkulu amene kale anali wamphamvu ayamba kuwonda manja ndi nkhope, maso asanduka achikasu, mapazi atupa, ndipo mimba ikula ngati ya mayi woyembekezera. Abale asonkhana pakhonde. Wina akuti wadyetsedwa, wina akuti ndi kapamba, ndipo pasanapite masiku patulukira wogulitsa botolo la zitsamba zimene akuti zimatsuka chiwindi. Mbuzi igulitsidwa kuti botololo ligulidwe.

Tsono funso limene makolo ambiri ali nalo ndi ili: kodi zomera zingathandize munthu wodwala chiwindi chotere? Funsoli ndi loyenera, ndipo madotolo a maiko ambiri ali kulifufuza mwakhama. Chimene apeza chingatidabwitse. Maso awo sali pa chiwindi chokha ayi, koma ali pa matumbo, pa kakhungu kopyapyala kamene kamakuta matumbowo m'kati. Ndipo thandizo la zomera limene tingalidalire kwambiri kufikira lero lili m'mbale ya chakudya, osati m'botolo.

Kuuma kwa chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ntchito zake ndi zambiri: chimasunga chakudya chimene chagayidwa, chimapanga ndulu, chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana pabala, ndiponso chimasefa ululu m'magazi. Chikavulala kamodzi chimatha kudzikonza chokha. Koma chikavulazidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, pamalo pa mnofu wofewa pamakhala zipsera zolimba, ndipo chiwindi chonse chimakhwinyata ndi kutuluka timabumphu. Nthenda imeneyi madotolo amaitcha cirrhosis, dzina limene René Laennec, dotolo wa ku France, analipereka m'chaka cha 1819 chifukwa cha maonekedwe oyezuka a chiwindi chotere. Ife tiitcha kuuma kwa chiwindi. Chaka chilichonse imapha anthu oposa miliyoni imodzi pa dziko lonse lapansi.

Zoumitsa chiwindi zazikulu ndi zinayi: kachilombo ka Hepatitis B, kachilombo ka Hepatitis C, mowa, ndi mafuta ochuluka m'chiwindi amene amayendera pamodzi ndi kunenepa kwambiri ndi nthenda ya shuga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi Hepatitis B wokhalitsa, ndipo 65 miliyoni mwa iwo anali muno mu Africa. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo palinso likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amatsakamira m'chiwindi ndi kupanga zipsera m'mbali mwa mitsempha. Chotero tisafulumire kuloza chala wodwala aliyense kuti anali chidakwa. Ambiri anatenga kachilombo ali makanda, ndipo sanalawepo mowa chibadwire.

Msewu wochokera m'matumbo

Kuti timvetse chifukwa chake madotolo ayang'ana matumbo, tidziwe kaye mayendedwe a magazi. Magazi onse ochokera m'matumbo sapita molunjika ku mtima. Amasonkhana mu mtsempha umodzi waukulu umene umawatengera ku chiwindi, ndipo mwa magawo anayi a magazi olowa m'chiwindi, pafupifupi atatu amadzera njira imeneyi. Motero chilichonse chimene chadutsa khungu la matumbo, chabwino kapena choipa, chimayamba chagogoda pa khomo la chiwindi.

Khungu la m'kati mwa matumbo ndi lodabwitsa. Akatswiri awiri a ku Sweden analiyeza m'chaka cha 2014 napeza kuti litayalidwa pansi lingadzaze chipinda cha mamita 5 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali. Koma kuchindikala kwake ndi mzere umodzi wokha wa maselo, timagawo tating'ono ta thupi tosaoneka ndi maso. Maselowa aima mogundana ngati njerwa za khoma, ndipo pakati pawo pali zomangira zimene zimagwira ntchito ya matope omangira. Pamwamba pawo pamatidwa madzi okhuthala oterera ngati therere. Maselo amenewa sakhalitsa. Pa masiku atatu kufikira asanu akale amayoyoka ndipo atsopano amalowa m'malo. Chifukwa chake khoma limeneli lifuna chakudya kosalekeza.

Kuseri kwa khomalo, makamaka m'matumbo aakulu, mumakhala tizilombo ta mtundu wa mabakiteriya tochuluka pafupifupi ngati maselo onse a thupi lathu. Tambiri ndi tothandiza. Tili ngati ziweto: zikakhala m'khola ndi chuma, zikathyola mpanda ndi kulowa m'munda ndi mlandu.

Pamene khoma lichita ming'alu

Chiwindi chikauma, magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsa pakati pa zipsera, ndipo amaunjikana kumbuyo monga madzi a mtsinje umene watsekedwa. Khungu la matumbo limatupa. Ndulu, imene imathandiza kuchepetsa tizilombo, imabwera yochepa. Matumbo amayenda mwaulesi, ndipo tizilombo toipa timaswana kuposa tabwino. Zomangira za pakati pa maselo zimakhwepa. Ngati munthuyo ali kumwabe mowa vuto limakula msanga, pakuti mowa ndi ululu umene umatuluka pamene mowawo uli kuphwanyidwa m'thupi zimamasula zomangirazo mwachindunji.

Pamenepo tizilombo ndi zidutswa zake timadutsa khoma ndi kulowa m'magazi opita ku chiwindi. M'chiwindi muli maselo olondera amene Karl von Kupffer wa ku Germany anawalongosola m'chaka cha 1876. Maselowa akaona adani amadzutsa nkhondo, ndipo nkhondo ikakhala ya tsiku ndi tsiku imasiya zipsera zatsopano. Taonani tsono kuzungulira kwake: chiwindi chodwala chifooketsa matumbo, ndipo matumbo ofooka aonjezera kudwala kwa chiwindi.

Zoopsa ziwiri zimene zimagoneka odwala ambiri m'chipatala zimachokera pomwepa. Choyamba, tizilombo timalowa m'madzi amene adzaza m'mimba yotupa ija ndi kuswana m'menemo. Wodwala amatentha thupi, mimba imapweteka, ndipo akachedwa kulandira mankhwala impso zimaleka kugwira ntchito. Chachiwiri, ululu wotchedwa ammonia, umene umapangidwa m'matumbo, umalambalala chiwindi nufika ku ubongo. Wodwala amagona usana ndi kukhala maso usiku, amaiwala maina a ana ake, manja amanjenjemera, ndipo ena amakomoka. Kumudzi timafulumira kunena kuti wapenga kapena walodzedwa, pamene gwero lake lili m'matumbo. Ndicho chifukwa chake aliyense amene angapeze njira yolimbitsa khoma la matumbo adzakhala atathandiza chiwindi.

Chimene zomera zimachita

M'nyemba, m'masamba, m'zipatso ndi m'gaga wa chimanga muli chinthu chimene mimba ya munthu singathe kuchigaya. Anamwino amachitcha faiba. Kale anthu ophunzira ankachiyesa zinyalala, kufikira Denis Burkitt, dotolo amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anayamba kuphunzitsa m'zaka za m'ma 1970 kuti anthu a kumidzi ya mu Africa sankadwala kawirikawiri nthenda zina za m'matumbo zofala ku Ulaya chifukwa chakudya chawo chinali ndi faiba wambiri.

Lero tidziwa chimene chimachitika. Faiba amafika m'matumbo aakulu osagayika, ndipo tizilombo tabwino timamudya ndi kumusasitsa. Pakutero timatulutsa timadzi towawasa, ndipo kamodzi mwa ito, kotchedwa butyrate, ndiko chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo aakulu. Maselo okhuta amagwirana zolimba ndipo amapanga madzi oterera aja okwanira. Kunena mwachidule, ife tidyetsa tizilombo, ndipo tizilomboto tidyetsa khoma. M'chaka cha 2016 akatswiri a ku Michigan m'dziko la America anasonyeza mbali ina ya nkhaniyi pa mbewa zoyeserapo: zitamanidwa faiba, tizilombo ta m'matumbo mwake tinayamba kudya madzi oterera otchinga khoma, ndipo nthenda inalowa mosavuta.

Poyang'ana chiwindi chenichenicho, m'chaka cha 2001 Ali Keshavarzian ndi anzake ku Chicago anamwetsa makoswe mowa kwa milungu ingapo. Makoswe amene anapatsidwanso phala la mbewu yotchedwa oats matumbo awo sanachite ming'alu kwambiri, ndipo chiwindi chawo sichinaonongeke monga cha anzawo. Pa anthu, m'chaka cha 2018 Jasmohan Bajaj wa ku Richmond m'dziko la America pamodzi ndi madotolo a ku Turkey anayerekeza anthu pafupifupi 300 a maiko awiriwa, ambiri mwa iwo odwala chiwindi chouma. Amene ankadya masamba ambiri, mbewu za m'gulu la tirigu ndi mkaka wosasa, ndi kumwa tiyi kapena khofi, anali ndi mitundu yambiri ya tizilombo m'matumbo, ndipo sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri. Za khofi palinso umboni wina: m'chaka cha 2016 akatswiri a ku Southampton ku England anaphatikiza kafukufuku wa anthu oposa 430,000 napeza kuti kuuma kwa chiwindi kunali kochepa pakati pa omwa khofi. Zotere zimangosonyeza kuti zinthu ziwiri zimayendera pamodzi. Sizitsimikiza kuti chimodzi ndicho chachititsa chinzake, ndipo khofi safafaniza mlandu wa mowa. Komabe zonse zikuloza mbali imodzi.

Ngakhale mankhwala a kuchipatala amatsata nzeru yomweyi. Wodwala amene mutu wayamba kusokonezeka amapatsidwa lactulose, madzi otsekemera amene Johannes Bircher wa ku Switzerland anasonyeza ntchito yake pa nthendayi m'chaka cha 1966. Lactulose amapangidwa kuchokera ku shuga wa mumkaka, osati ku zomera, koma amachita monga faiba: sagayika, tizilombo timamusasitsa, ndipo ululu uja umakodwa m'chimbudzi nutuluka. Mankhwala a chiwindi amenewa ntchito yake yonse amagwirira m'matumbo.

Nanga za m'mabotolo?

Kupatula faiba, zomera zili ndi timankhwala tina timene timazipatsa mtundu, fungo ndi kuwawa. Akatswiri amatitulutsa, natiyeretsa, natiyesa kamodzikamodzi. Todziwika kwambiri ndi curcumin wa mu muzu wachikasu umene amwenye amathira m'ndiwo, wotchedwa turmeric. Quercetin wa mu anyezi. Berberine wa m'mizu ndi makungwa owawa a zitsamba zina za ku Asia ndi Ulaya. Resveratrol wa m'makoko a mphesa. Ndi silymarin wa m'njere za chomera chaminga cha ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Pa maselo osungidwa m'mbale zagalasi, ndiponso pa mbewa ndi makoswe, timankhwala timeneti taoneka kuti timalimbitsa zomangira za khoma la matumbo, timachepetsa kutupa, ndipo timachepetsa ululu wofika ku chiwindi. Imeneyi ndi nkhani yopatsa chiyembekezo, ndipo ndi chifukwa chake kufufuza kukupitirira.

Komatu khoswe si munthu. Mlingo umene khoswe amapatsidwa, poyerekeza ndi kulemera kwake, kawirikawiri umaposa kutalitali umene munthu angaupeze m'chakudya. Ndiponso nthenda imene yapangidwa pa khoswe m'milungu yochepa siifanana ndi chiwindi chimene chakhala chikuuma zaka makumi awiri. Nkhani ya silymarin itiphunzitse. M'chaka cha 1989 Peter Ferenci ndi anzake ku Vienna anayesa odwala 170, ndipo zinaoneka kuti patapita zaka zinayi, mwa anthu 100 alionse olandira silymarin 58 anali moyo, pamene mwa osalandira anali 39. Anthu anakondwera. Koma m'chaka cha 1998 madotolo a ku Spain anayesa odwala 200 ndipo sanapeze kusiyana kulikonse. M'chaka cha 2007 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula mayeso a mankhwala, linaunika mayeso onse a odwala oposa 1,000 ndi kunena kuti panalibe umboni wokhutiritsa wakuti silymarin amatalikitsa moyo. Kufikira lero, malangizo akuluakulu a madotolo a chiwindi ku Ulaya ndi ku America saika kalikonse ka timankhwala timeneti pa mndandanda wa mankhwala ochizira chiwindi chouma.

Palinso choopsa. Curcumin salowa m'magazi mosavuta. Wambiri amatsala m'matumbo. Kuti alowe, opanga makapisozi amamusakaniza ndi mankhwala a mu tsabola wakuda, amene kafukufuku wa ku India wa m'chaka cha 1998 anasonyeza kuti amachulukitsa kulowa kwake ka 20. Zotsatira zake zaoneka. M'chaka cha 2019 ku Italy anthu oposa 20 anadwala chiwindi atamwa makapisozi a turmeric. M'chaka cha 2022 madotolo a ku America analongosola za anthu 10 ovulala chiwindi mwa njira yomweyo. Asanu anagonekedwa ndipo mmodzi anamwalira. Chimodzimodzi tiyi wobiriwira: womwera m'kapu alibe vuto kwa anthu ambiri, koma bungwe loona za chakudya ku Ulaya linachenjeza m'chaka cha 2018 kuti makapisozi ake amphamvu, ofika mamiligalamu 800 pa tsiku, angavulaze chiwindi. Berberine naye amasokoneza mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala ena, ndipo sayenera mayi woyembekezera kapena khanda.

Phunziro lake ndi lomveka. Kaufa kachikasu kothira mu mphika wa ndiwo ndi chakudya. Kaufa komweko kakaunjikidwa m'kapisozi kasanduka mankhwala amphamvu, ndipo mankhwala alionse ayenera kudutsa m'chiwindi chimene chatopa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zitsamba zimene zinaumitsa chiwindi

Ena amati chilichonse chomera m'nthaka sichingapweteke. Mbiri ikana. M'chaka cha 1920 madotolo awiri, Willmot ndi Robertson, analemba za mabanja osauka a m'chigawo cha George ku South Africa amene anatupa mimba ndi kumwalira chifukwa tirigu wawo anasakanikirana ndi njere za udzu wotchedwa Senecio. Ku Jamaica m'zaka za m'ma 1950 ana ambiri anatupa chiwindi chifukwa cha tiyi wa masamba a kutchire amene makolo awo ankawamwetsa mwachikondi kuti akhale athanzi. Masambawo anali ndi ululu wotseka timitsempha ta m'chiwindi. Ku Durban m'zaka za m'ma 1970 madotolo anapeza kuti muzu wotchedwa impila, umene anthu a kumeneko ankaukhulupirira kwambiri, unali kuononga chiwindi ndi impso ndi kupha anthu, makamaka ana.

Sitikunyoza nzeru za makolo athu pa mitengo, pakuti mankhwala ambiri a kuchipatala anachokeradi ku zomera. Kusiyana kwake ndi kwakuti a kuchipatala anayesedwa, mlingo wake udziwika, ndipo zoipa zake zinalembedwa. Botolo lopanda dzina la chomera, lopanda mlingo, lonena kuti limachiza shuga, chiwindi, nyamakazi ndi kusabereka pamodzi, silingatiuze chimene lili nacho. Makamaka mankhwala otsegula m'mimba mwamphamvu ndi osanzitsa, amene ambiri amawayesa otsuka, ndi oopsa kwa wodwala uyu: amaumitsa thupi, amafooketsa impso, ndipo kusanza kungaphulitse mitsempha yotupa ya kummero.

Ngati m'nyumba muli wodwala

Inu amayi ndi abambo amene muli kudwazika, nazi zimene zili m'manja mwanu.

1. Dziwani chimene chaumitsa chiwindi. Pemphani kuti magazi ayezedwe. Hepatitis B ali ndi mankhwala omufooketsa, monga tenofovir. Hepatitis C amachizika ndi mapiritsi a milungu 12. Likodzo limaphedwa ndi praziquantel. Gwero likachotsedwa, chiwindi chimapuma ndipo nthawi zina zipsera zimachepa.

2. Mowa ulekeke kotheratu, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo. Palibe chomera chimene chingamange khoma pamene mowa uli kuligumula.

3. Mbale ikhale ya mitundumitundu. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mphodza ndi soya. Bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi therere. Mbatata, nthochi zophika, maungu, phala la mawere kapena la mgaiwa. Mapapaya, magwafa, mango ndi malambe. Mitundu yosiyana ya faiba imadyetsa mitundu yosiyana ya tizilombo tabwino. Yambani pang'onopang'ono, nyemba zipse mpaka kufewa, kuti mimba isadzaze mpweya.

4. Musam'mane zakudya zomanga thupi. Kale odwala otere ankaletsedwa nyama, mazira ndi nyemba, koma malangizo a madotolo a chiwindi a ku Ulaya a m'chaka cha 2019 akuti wodwala afuna magalamu 1.2 kufikira 1.5 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse, ndipo zochokera ku zomera ndi ku mkaka zimam'yanja bwino. Minofu ikatha, nthenda imakula msanga.

5. Adye pang'ono koma kawirikawiri, ndipo asagone ndi njala. Chiwindi chouma sichisunga chakudya chokwanira usiku wonse, choncho thupi limayamba kudya minofu yake. Kapu ya phala lothira nsinjiro kapena mkaka asanagone imathandiza.

6. Ngati mimba yatupa ndi madzi, chepetsani mchere kuti wa tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi. Kumbukirani kuti soda wothira m'therere, timabulo tokometsera ndiwo ndi nsomba zoumitsidwa ndi mchere zimasunganso madzi m'thupi. Za chidulo funsani adotolo, pakuti mchere wa m'phulusa sugwirizana ndi mapiritsi ena okodzetsa.

7. Sankhani chimanga ndi mtedza. Njere zachuku zili ndi ululu wotchedwa aflatoxin umene umayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu wa Hepatitis B. Popeza mgaiwa sukonoledwa, uyenera kuchokera ku chimanga chouma bwino ndi chosankhidwa. Nsinjiro zisakhale za mtedza wotsala posankha.

8. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini, masamba atsukidwe ndi kuphikidwa, ndipo chakudya chogona chitenthetsedwe bwino. Khoma la ming'alu silingalimbane ndi tizilombo timene munthu wathanzi amatigonjetsa osadziwa.

9. Asadzimbidwe. Ngati wapatsidwa lactulose, cholinga ndi chakuti apite kuchimbudzi kawiri kapena katatu pa tsiku, chimbudzi chofewa.

10. Asamwe ibuprofen, diclofenac, indomethacin kapena aspirin wogula pa golosale, pakuti amakanda khungu la m'mimba ndi m'matumbo, amayambitsa kutaya magazi ndi kuononga impso. Ngakhale paracetamol amwe mlingo wokhawo umene adotolo anena.

11. Chitsamba chilichonse kapena kapisozi aliyense amene wodwala ali kumwa, mutengereni kuchipatala ndi kumuonetsa osachita manyazi, makamaka ngati wodwalayo alinso pa mankhwala a TB kapena ma ARV. Safunsa anadya phula.

Ndipo mukaona chimodzi mwa izi musadikire kuti kuche: kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu, kutentha thupi kapena kupweteka kwa mimba yotupa, kusokonezeka mutu kapena tulo tosadzutsika, ndi kuchepa kwa mkodzo. Zimenezi ndi za chipatala tsiku lomwelo.

Mau kwa anyamata ndi atsikana

Nthenda imeneyi imaonekera pa zaka makumi anayi kapena asanu, koma maziko ake amakumbidwa pa msinkhu wanu. Chiwindi sichilira msanga; munthu angathe kutaya gawo lalikulu la mphamvu yake osamva kupweteka kulikonse. Mnyamata amene amamwa kwambiri Loweruka lililonse nadzuka Lolemba ali bwino amaganiza kuti palibe chimene chachitika, chikhalirecho usiku umodzi wa kuledzera ndi wokwanira kuti ululu wa tizilombo ta m'matumbo upezeke wochuluka m'magazi.

Katemera wa Hepatitis B analowa m'gulu la akatemera a ana m'Malawi m'chaka cha 2002, ndipo amaperekedwa mwana akakwanitsa milungu 6, 10 ndi 14. Ambiri amene anabadwa chakacho chisanafike sanamulandire. Kachilomboka kamayenda m'magazi ndi m'njira ya chiwerewere, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa. Lezala limodzi lometera anthu ambiri kapena lotemera mphini banja lonse, singano yoboolera makutu kapena yolembera pakhungu, ndi mswachi wobwerekana, zonsezi ndi njira zake. Sikayenda m'mbale ya nsima kapena pogwirana chanza, choncho palibe chifukwa chosala wodwala. Amene mukonzekera ukwati, ndi inu amayi oyembekezera, pemphani kuyezedwa.

Pa chakudya, musachite manyazi ndi nyemba ndi bonongwe za kwa amayi anu. Zibaba zamchere za m'mapaketi, buledi woyera ndi zakumwa zashuga zilibe faiba wokwanira kudyetsa khoma la matumbo, ndipo zikachuluka zimaunjika mafuta m'chiwindi.

Mwina tsiku lina kamodzi mwa timankhwala ta zomera timene tatchula kadzapambana mayeso pa anthu, mlingo wake udzadziwika, ndipo adotolo adzakalemba pa chiphaso cha wodwala. Likadzafika tsikulo tidzakuuzani m'tsamba lomwe lino. Pakali pano ndalama ya banja ipite pa ulendo wa kuchipatala, pa kuyezetsa magazi, ndi pa nyemba, masamba, mkaka ndi zipatso za wodwala. Mwezi wamawa tidzakamba za nthenda ya shuga ndi kasamalidwe ka mapazi.